Botolo Likatsika, Magazi Amakwera

Mwana wanga woyamba anali wamkazi, wolongolola ngati ine ndemwe. Anali atangosiya kuyamwa, ali pa msinkhu uja mwana amakutsatira mpaka kubafa n'kumakufunsa chimene ukuchita. Ndiye atayamba kutsegula m'mimba, chimene chinandiopsa poyamba sanali matewera ayi. Chinali chakuti anasiya kuyankhula. Ndinkamuitana, iye n'kungotembenuza maso, maso ake atalowa m'kati ngati a nkhalamba.

Nthawi imeneyo ndinali pa chitengwa, kumudzi kwa amuna anga, kumapiri a kuseri kwa Bembeke. Ine ndinakulira pafupi ndi mishoni, korona m'khosi, sukulu pang'ono m'mutu, pakamwa posatseka. Kwa amuna anga kunali kwa gule, amuna onse a m'mudzimo anali ogula njira. Apongozi anga aakazi sanandide, ndisawanamizire. Ankangondiyang'ana ngati mbuzi yogula kumsika, imene sudziwa ngati izolowere khola. Amuna anga anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, choncho pakhomo tinatsala awiri, ine ndi apongoziwo, ndi mwana amene tonse tinkamukonda mopikisana.

Inali nyengo ya dzuwa, zitsime zitatsala matope okhaokha. Tinayesa phala, tinayesa madzi a mchere ndi shuga, apongozi anayesanso mizu yawo ine nditayang'ana kumbali. Chilichonse chinkangodutsa. M'mawa wina ndinatsina khungu la pamimba pake, ndipo khungulo linangoima chiimire osabwerera. Ndinamubereka, ine ndi apongozi tinauyamba wa ku kachipatala ka m'deralo.

Anamwino a pamenepo anali mayi wamtali, wosaseka wamba. Atamuona mwanayo sanatikalipire n'komwe kuti tachedwa, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti zinthu zaipa. Anatulutsa botolo lagalasi la diripi, kapaipi ndi singano, n'kuyamba kufuna mtsempha. Anayesa padzanja, anayesa pamkono, mkono winawo, anameta katsitsi pafupi ndi khutu n'kuyesanso pamenepo. Mitsempha inali itabisala. Mwana sanalire ngakhale pang'ono pomubaya, ndipo ine ndinkalakalaka atalira, atandimenya, atachita chilichonse. Potsiriza singano inalowa pamwamba pa phazi. Anamwino anapumira m'mwamba, anamangirira kaphaziko pa kathabwa ndi bandeji, ndipo madontho anayamba kugwa m'kagalasi kamene kamakhala kunsi kwa botolo.

"Mayi, tamverani bwino," anatero anamwinowo. "Mtsempha ndaupeza ndi womwewu, wina palibe. Botolonso ndili nalo ndi lomweli. Mwanayu apite kuchipatala cha kuboma lero lomwe, diripi ikuyenda."

Ndinafunsa za galimoto ya pachipatalapo. Anati yapita kumsonkhano. Zaka zimenezo za chipani chimodzi sunkafunsa kuti msonkhano wanji kapena ibwera liti. Unkangoti chabwino, n'kumeza malovu.

Anandipatsa malamulo awiri. Loyamba linali lakuti botolo likhale pamwamba pa mwana nthawi zonse. "Madzi amatsika, sakwera," anatero. "Botolo likatsika kuposa mwana, magazi ake ndi amene akwere m'kapaipimu. Akakwera aundana, singano itsekeka, ndiye kwatha." Lachiwiri linali la kagudumu kakang'ono kamene kanali pakapaipipo, kotsegulira ndi kutsekera madontho. "Aka musakakhudze. Ndimakudziwani azimayi inu, mumatsegula kuti madzi athe msanga muzipita kwanu. Mukatero mupha mwana." Ndinalonjeza ngati ndili paguwa.

Mwayi unalipo umodzi. Alamu anga, akulu awo a amuna anga, tsiku limenelo ankatengera matumba a mbatata ya kachewere kumsewu wa tala pa ngolo yawo. Apongozi anakawaimitsa panjira. Sanawiringule, anakonza malo pamwamba pa matumbawo, anayala bulangeti, tinamugoneka mwana n'kumumangirira ndi chitenje kuti asagubuduke. Anadula nsungwi, anaizika pakona pa ngolo, tinapachikapo botolo.

Nsungwi ija sinatithandize. Njira za kwathu ndi za miyala, ngolo ikati gwede uku, botolo limapita uko. Linkamenya nsungwi ndi kuti ngwe, ngwe, ndipo kapaipi kankakoka phazi la mwana. Mtima wanga unali m'mwamba, ndinkangoona botolo litasweka. Ndinalimasula n'kuligwira ndekha, mkono uli m'mwamba.

Amene sananyamulepo botolo lodzaza mkono uli m'mwamba asandiuze kanthu za kutopa. Poyamba limapepuka. Kenako phewa limayamba kutentha, zala zimachita dzanzi, umasintha mkono, winawonso umatentha. Apongozi anapempha kuti andilandire. Ndinakana. Anali aafupi, komanso tsiku limenelo sindikanakhulupirira munthu wina aliyense, ngakhale bambo mfumu akanabwera ndi mkanjo wawo. Maso anga anali pa kagalasi kaja basi. Dontho likagwa ndinkapuma, ndipo ndinkadikira linzake ndisanapumenso. Patapita nthawi mwana anatsegula maso n'kunyambita milomo. Anati, "Amama." Linali liwu loyamba kuchokera dzana lake. Apongozi anaseka misozi ili m'maso, n'kunena kuti madzi a azungu afika.

Tinafika pa chitunda china chachitali, ng'ombe zinayamba kubwerera m'mbuyo. Alamu anati titsike kuti ngolo ipepuke. Tinatsika tonse awiri. Ine ndinkayenda mophatikana ndi gudumu, mkono utatambasuka mpaka kumapeto, chifukwa tsopano mwana anali pamwamba pa matumba, molingana ndi mutu wanga. Botolo linkangomuposa pang'ono, koma madontho ankagwabe.

Ng'oma tinali titayamba kale kuzimva chapatali. M'mudzi wa kuseri kwa chitundacho munali maliro a munthu wamkulu wa gule, ndipo alamu anali atanenapo, koma ine mutu wanga unali pa botolo. Tili pakati pa chitunda tinamva kukuwa kuja kwa zilombo, kumene mwana aliyense wa kwathu amakudziwa asanadziwe kuwerenga. Zinatulukira pamwamba, zikutsika ndi njira yathu yomweyo, zitadzola matope thupi lonse, nthenga kumutu, zikoti m'manja, fumbi lili koboo.

Lamulo lake ndi lodziwika. Mkazi ukakumana ndi zilombo panjira umathawa. Ukasowa kothawira umagwada pambali, nkhope pansi, mpaka zidutse. Apongozi anagwada nthawi yomweyo. Alamu anathamangira kutsogolo kukagwira ng'ombe, chifukwa zinali zitayamba kudzidzimuka, ndipo ngolo ikanabwerera m'mbuyo ndi mwana yemwe. Ine ndinaima.

Sindinaime chifukwa cha mwano, ngakhale mwano ndinali nawo wokwanira mudzi wonse. Ndinkafuna kugwada kuposa wina aliyense. Koma tangoganizani mmene ndinkaonekera. Masiku amenewo akhristu ndi a gule sankamwerana madzi, nkhani za kumenyana zinali zosasowa. Ndiye apa pali mtengwa wa ku mishoni, korona ili pachifuwa poyera, waima njo pakati pa njira, mkono uli m'mwamba ngati akudalitsa kapena kutemberera. Ndinayesa kufuula kuti mwana akudwala, kuti ili ndi botolo la kuchipatala, koma mawu anga anamira m'phokosomo.

Chilombo chimodzi chinapatuka pa zinzake n'kulunjika kwa ine, chikoti chikuzungulira. Ndinatseka maso. Ndinaganiza kuti chindimenye kumsana, kumutu, kulikonse, bola mkono usatsike.

Chimene chinandigwetsa sichinali chikoti. Apongozi anakwawa ndi maondo, anandigwira m'chiuno ndi manja aja ozolowera khasu, n'kundikokera pansi.

"Gwadani," anatero. "Gwadani, mufuna atitengere mwana?"

"Amayi, botolo. Botolo litsika."

"Mizimu iyi, mwanawe. Mukainyoza mwana safika kuboma. Gwadani."

Ndinalimbana nawo, koma anali ndi mphamvu za mantha. Anandigona pamsana, dzanja lawo likukanikiza khosi langa. Ndinayesa kusiya mkono m'mwamba ndili chogwada, koma ngolo inali yaitali, mwana anali kutali pamwamba panga. Kapaipi kanakokeka, ndinaopa kuti singano izuka, ndiye ndinadzikankhira kufupi ndi gudumu, botolo nditalikumbatira kuti lisasweke pamiyala. Kagudumu kaja kanali pafupi ndi chala changa. Ndikanakatseka magazi sakanakwera, koma zimenezo ndinazidziwa pambuyo pake. Panthawiyo ndinkangodziwa kuti anati ndisakakhudze.

Chilombo chija sichinafulumire. Chinavina pamenepo, mapazi ake ndikuwaona m'fumbi, chikuzungulira ife ndi ngolo. Ndinkamva alamu akuyankhula nacho mawu awo a kudambwe, modandaulira. Sindingadziwe kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Kenako chinakuwa n'kuthamangira zinzake, ndipo apongozi anandisiya.

Nditadzuka, kapaipi konse kanali kofiira, kuyambira kuphazi kwa mwana mpaka kufupi ndi botolo. Ndinakweza mkono. Magaziwo anasuntha pang'ono kubwerera kwa mwini wake, kenako anaima. Ndinayang'ana m'kagalasi. Dontho linalendewera osagwa. Ndinakwera pangolo, ndinaima pamwamba pa matumba, ndinanyamula botolo ndi manja awiri mpaka kapaipi kanaongoka. Alamu, amene anali aatali, analitenga n'kuliimika pamwamba pa mutu wawo. Palibe chinachitika. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ena ndinawasakaniza. Ndinalipempha dontholo ngati munthu.

"Zadutsa bwino," anatero apongozi, akusasa fumbi pachitenje. "Sizinatikhudze."

Ndinawauza mawu amene mkazi sauza amayi a mwamuna wake. Alamu anayang'ana ng'ombe zawo. Apongozi sanakwiye, anangodabwa. Analoza botolo n'kunena kuti, "Koma madziwo alimo, mwanawe. Sanatayike ngakhale pang'ono." Iwo ankaona kuti apulumutsa mdzukulu wawo, ndipo sankamvetsa chimene ndinkalirira.

Kubwerera kwa anamwino aja kunali kopanda phindu, anali atanena kale kuti mtsempha wina palibe. Tinapitirira. Botolo ndinaligwirabe m'mwamba njira yonseyo, ngakhale ndinkadziwa kuti silikugwira ntchito, chifukwa kulitsitsa kukanakhala ngati kuvomera. Mwana anatsekanso maso. Milomo yake inauma n'kusweka. Ndinkamudonthezera madzi a m'chigubu pakamwa, iye n'kuwabweza. Madzi amene akanamupulumutsa anali m'manja mwanga, oyera bwino, pafupi naye chonchi, koma opanda njira yolowera. Sindinasowepo mtengo wogwira ngati tsiku limenelo.

Pamsewu wa tala tinaima nthawi yaitali, dzuwa likuswa mtengo. Malole ankadutsa odzaza ndi amayi ovala nsalu zofanana, akuimba, akupita kumsonkhano. Ena ankationa, nyimbo n'kuwathera pakamwa, koma lole yotere sinkaima. Alamu anachita kuima pakati pa msewu, mpaka lole ina ya kabichi inatitenga. Iwo anatsala ndi ng'ombe zawo.

Kuchipatala cha kuboma anatilandira mwamsanga. Adokotala anayang'ana kapaipi kofiira kaja, anazula singano n'kuponya zonse m'ndowa, botolo langa lomwe. Anafuna mtsempha, anausowa. Potsiriza anacheka khungu pa kakolo ndi kampeni, anaufukula mtsemphawo, n'kulowetsamo kapaipi. Diripi yatsopano anaipachika pa chitsulo chake, madontho anayambanso. Ndinakhala pansi pafupi ndi bedi, apongozi ali mbali inayo.

Chakumadzulo dzuwa lisanalowe kunabwera namwino wachitsikana kudzasintha nsalu za pabedi. Chitsulo chinkamutchinga, ndiye anapachula botolo n'kuliika pansi, pasimenti, ngati kapu ya tiyi. Ndinakuwa. Ndinalilumphira n'kulikweza m'mwamba, wodi yonse inatembenuka kundiyang'ana. Namwinoyo anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka.

"Mayi, musaope," anatero. "Diripi iyi sibweza magazi. Taonani apa."

Anandionetsa kanthu kamene kanali pakati pa kapaipi, koyera, kakang'ono ngati nzama. Anati ndi kavalavu. M'kati mwake muli kachitseko kofewa kotsegukira mbali imodzi: madzi akamachokera kubotolo kamatseguka, magazi akati abwerere kamadzitseka kokha. "Ngati valavu ya tayala la njinga," anatero, "mpweya umalowa koma sutuluka." Anatenga botolo m'manja mwanga, analitsitsanso pansi pang'onopang'ono ine ndikuona. Madontho anaima, koma kapaipi kanakhalabe koyera. Analikweza, madontho anayambiranso ngati palibe chachitika. Anati mapaipi otere anabwera ochepa, mphatso yochokera kunja, ndipo ankawasungira ana odwalitsitsa. Kuzipatala zing'onozing'ono za kumidzi anali asanafike.

Ndinakayang'ana kanthu kaja, ndipo ndinakwiya kwambiri moti ndinasowa womukwiyira. Kanalipo. Tsiku lonse lija, pamene ndinkathyoka phewa, pamene ndinkalimbana ndi mayi wokalamba m'fumbi, kanali m'kabati kuboma kuno. Munthu wina kutali anakhala pansi n'kuganiza kuti botolo likhoza kutsika, kuti wonyamula akhoza kutopa kapena kugwa, ndipo anapanga kachitseko. Kuyambira nthawi imeneyo ndaona madiripi ambiri, a abale ndi anga omwe, ndipo ndikalowa m'wodi maso anga amayamba athamangira pakapaipi ndisanapereke moni kwa wodwala.

Apongozi anali ataona zonsezo. Namwino atanyamula nsalu zake kuti azipita, anamuitana.

"Pepani anamwino. Ndiye kuti ndi kameneka, munthu akhoza kugwada?"

Namwinoyo sanamvetse funsolo. "Kugwada, agogo?"

"Wonyamula botolo. Atagwada pansi, mwana ali pamwamba."

"Akhoza, agogo. Palibe chingachitike."

"Nanga popanda kameneka?"

"Popanda kameneka magazi amabwerera, singano imatsekeka."

Apongozi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanandiyang'ane. Anatuluka panja, ndipo atabwerera maso awo anali ofiira. Kuyambira pamenepo sanakhalenso pansi, anaima kumapazi kwa bedi, dzanja lili pa kamwendo ka mdzukulu wawo.

Diripi inayenda bwino. Botolo linatha, anaika lina. Koma mwana sanakodze, ndipo adokotala akabwera ankayamba agwira thewera, n'kuchoka. M'mawa mwake ndinawatsatira pakhonde. Ndinawafunsa ngati zikanasiyana diripi yoyamba ija ikanapanda kuima. "Sindingadziwe, mayi," anatero. "Anali atauma kale kwambiri. Mwina inde, mwina ayi." Ndinkafuna andiuze chimodzi, chilichonse, kuti ndidziwe koika mkwiyo wanga. Sanandipatse.

Anamwalira masana, nthawi imene odikirira odwala amalowa ndi mbale za chakudya. Madontho anali akugwabe. Namwino uja ndi amene anabwera kudzatseka kagudumu.

Galimoto yonyamula maliro kunalibe yoti tingaipeze, ndipo basi sinkalola mtembo. Amayi a m'wodimo anatiuza zimene aliyense ankachita: mwana wamng'ono umamubereka ngati wamoyo, umamufunditsa kumutu, umakwera basi. Chachikulu ndi kusalira. Ukangolira, akutsitsa panjira.

Ndinatambasula chitenje changa kuti ndimubereke. Apongozi anachigwira.

"Ndibereka ndine."

"Ndi mwana wanga, amayi."

"Ndikudziwa. Inu simungathe kudzigwira, muwululitsa. Ndipatseni."

Ndinalibe mphamvu zokangana. Ndinawathandiza kumuika kumsana, ndinakonza kamutu kuti katsamire bwino, ndinabisa kaphazi ka bandeji m'nsalu.

M'basi munali modzaza. Tinapeza malo kumbuyo, pakati pa madengu ndi nkhuku. Ine ndinaluma nsonga ya mpango wanga, maso ali pawindo, ndikuwerenga mitengo kuti ndisaganize. Mayi wina wokoma mtima amene anakhala pafupi nafe anati, "Agogo, mwanayo mwamuphimba kwambiri, kukutentha. Tamuvundukulani apume."

"Ali ndi malungo," anayankha apongozi. "Wangogona kumene, musiyeni."

Ndipo anayamba kugwedezeka pang'onopang'ono, mmene umachitira pomutonthoza mwana, dzanja likusisita kumsana. Anachita zimenezo njira yonse. Ndinkadana nawo, ndinkawamvera chisoni, zonse pamodzi, ndipo sindinkatha kuwayang'ana.

Tinatsika pamene tinawasiya alamu dzulo lake, n'kuyamba kukwera mapiri wapansi. Panjiranso sitinalire, chifukwa maliro salowa m'midzi ya eni mwadzidzidzi, amayamba amveka kwawo. Anthu ankatipatsa moni m'minda ya kudimba, tinkayankha kuti tili bwino. Wina anafunsa kuti wodwala ali bwanji, apongozi anati tikupita naye kunyumba. Ndinawapempha kuti ndiwalandire, anakana. Thukuta linali kamukamu, miyendo yawo ikugwedera pa zitunda, koma anakana.

Dzuwa litapendeka tinaoloka kamtsinje kouma ka kumalire a mudzi wathu. Madenga anayamba kuoneka, ndi ana akusewera pabwalo. Apongozi anaima. Anamasula mfundo ya chitenje, anamutsitsa mwana mosamala, n'kumuika m'manja mwanga.

"Tafika, mwanawe," anatero. "Lirani tsopano."